Lenzi yosakoka koma yoona patali: mafunso a ojambula a ku Mzuzu

Kodi lenzi imeneyi ndi yotani?

Ojambula amaitcha prime. Ili ndi utali umodzi wokha, monga 85mm, 135mm kapena 300mm, ndipo sikoka chithunzi ngati zoom. Wofuna kuti nkhope ikule amasendera yekha. Chomwe amaikondera ndi chibowo chake chachikulu cholowetsera kuwala, chija amachilemba kuti f/1.8 kapena f/2.8. Nambala ikachepa, chibowo chimakula.

Nanga kukula kwa chibowo kuli ndi phindu lanji?

Mzuzu ndi mzinda wa mitambo. M'miyezi ya Juni ndi Julaye nkhungu imatha kukuta Katoto ndi Luwinga m'mawa wonse. Lenzi ya f/2.8 imalowetsa kuwala kochuluka kanayi kuposa ya f/5.6, pomwe ya f/1.8 imaiposa pafupifupi kakhumi. Tsono pamene 18-55mm yobwera ndi kamera ikuvutika m'tchalitchi cha St Peter's pa tsiku la ukwati, wa 85mm amajambula mkwati akulumbira osathwanimitsa flash m'maso mwa wansembe.

Pa mpira zimathandiza bwanji?

Pa Mzuzu Stadium, Moyale Barracks ikamasewera masana, chigawo chachiwiri chimatha dzuwa litapendeka. Kuti wosewera amene wadumphira mpira wamutu aoneke bwinobwino, shutter iyenera kuthamanga pa 1/1000 ya sekondi. Lenzi ya 300mm f/2.8 imafikapo popanda kukweza ISO mpaka chithunzi kuchita timadontho. Nthawi zambiri imalemera makilogalamu oposa 2, n'chifukwa chake ambiri amaikhazika pa monopod. Vuto lake n'lakuti mpira ukafika pafupi ndi pamene wojambula wakhala, osewera sakwananso m'chithunzi. Odziwa ntchito amapachika kamera yachiwiri m'khosi.

N'chifukwa chiyani kumbuyo kumaoneka mwa chimbuuzi?

Chibowo chikatseguka chonse, malo ooneka bwino amachepa kwambiri. Pa 85mm f/1.8, munthu ataima mamita 2 kuchokera pa kamera ya full frame, malowo ndi masentimita pafupifupi 6 basi. Wolandira digiri ku Mzuzu University amaoneka yekha, khamu la achibale a ena n'kusungunuka kumbuyo. Komatu kamera ikalunjika pa mphuno kapena pa ngayaye ya chipewa, maso amatuluka osaoneka bwino. Azakhali ndi amalume akabwera kudzaima nawo, wojambula atsekeko kufika pa f/5.6, apo ayi a mzere wakumbuyo adzakana kulipira.

Kodi 300mm ikukwanira ku Vwaza ndi ku Nyika?

Imakwanira pojambula njovu ndi mvuu za pa Lake Kazuni, mbidzi za ku Chelinda nazonso. Mbalame zimafuna 400mm kapena kuposa. Kamera za Canon zokhala ndi sensa yaing'ono zimathandizako, popeza zimachulukitsa utali ndi 1.6, ndiye 300mm imaona ngati 480mm.

Woyamba kumene agule iti, ndipo aisamale bwanji?

Ya 85mm f/1.8 ndiyo yopepuka m'manja ndi m'thumba momwe, ndipo imagwira ntchito zobweretsa ndalama: zinkhoswe, maukwati ndi zithunzi za nkhope. Akamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, aunike m'kati ndi tochi ya foni. Timizere tonga ulusi wa kangaude ndi chuku, ndipo chinyezi cha ku Mzuzu chimachikulitsa. Lenzi isagone m'chikwama chonyowa. Aiike m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano.