Ulendo wa ku Joni, kabotolo ka insulini m'thumba

Munthu wa ku Edingeni akamakonzekera ulendo wa ku Joni, abale amadziwa zomufunsa. Pasipoti yatuluka? Ndalama ya transipota yakwana, kapena ukabweza ukayamba ntchito? Ukafikira kwa yani? Amayi amamanga kamba wa panjira, amalume amalemba manambala a foni papepala. Koma ngati wapaulendoyo ali ndi matenda a shuga, ndipo amadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo, pali funso lomwe silimveka kawirikawiri pabwalopo: mankhwalawo ayenda nawo bwanji masiku awiri kapena atatu a mumsewu, nanga akakatha akawapeza kuti?

Ku Mzimba ulendo wa kummwera ndi wakalekale. Agogo a anyamata a lero anapita kumigodi ya golide pa Wenela, mpaka mu Epulo 1974 pamene ndege yonyamula ogwira ntchito inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu. Ulendo wa kumigodiwu unayambiranso mu 1977 kudzera ku bungwe lolemba anthu la TEBA, ndipo unatha mu 1988 maboma a Malawi ndi South Africa atasemphana pankhani yoyeza HIV. Masiku amenewo munthu ankayamba wapimidwa ndi dokotala wa kampani, wodwala ankabwezedwa kumudzi. Lero palibe wopima. Transipota amangofuna pasipoti ndi ndalama. N'chifukwa chake m'mabasi ndi m'maminibasi okoka ngolo onyamuka pa Mzimba boma ndi pa Jenda mumakhala anthu a BP, a mphumu, omwa ma ARV, ndi a shuga omwe.

A shugawo si ochepa. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 pamodzi ndi bungwe la WHO anapeza kuti mwa Amalawi 1,000 alionse a zaka 25 mpaka 64, anthu 56 anali ndi matendawa. Ambiri mwa amene ali pamankhwala amamwa mapiritsi monga metformin. Koma alipo omwe thupi lawo linasiyiratu kupanga insulini, ndipo ambiri mwa amenewa matendawa amawayamba ali ana kapena achinyamata, msinkhu womwewo umene maso ake ali ku Joni. Kwa iwo kudumphitsa jakisoni kwa masiku ochepa chabe kungathe kuwagoneka m'chipatala ali chikomokere.

Njira yake ndi yaitali. Kuchoka ku Edingeni, kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa V, munthu amadutsa ku Embangweni kukatulukira pa Jenda, kapena amayamba wapita kuboma. Kenako ndi msewu wa M1 mpaka ku Lilongwe, chipata cha Dedza kapena cha Mwanza, dziko la Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, chipata cha Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Musina, n'kudzafika ku Johannesburg. Zipata zitatu, ndipo pa chilichonse basi ikhoza kuima maola osadziwika. Chabwino chimodzi n'chakuti maiko anayi onsewa amayendera nthawi imodzi, moti 6 koloko ya ku Mzimba ndi 6 koloko ya ku Joni. Nthawi yobayira sisintha.

Chimene anthu amaopa kwambiri ndi kutentha, ndipo aliyense amene anadutsapo pa Tete mu Okutobala sangawatsutse. Kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 40. Pakabokosi ka insulini amalembapo kuti botolo losatsegula lizikhala mufiriji, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ena akawerenga zimenezi amangoti ulendo walephereka, kapena amasiya mankhwalawo kunyumba n'kumati akagula ena akafika.

Koma insulini ndi wopirira kuposa momwe ambiri amaganizira. Mu 2021 bungwe la Médecins Sans Frontières ndi akatswiri a payunivesite ya Geneva anatulutsa zotsatira za kafukufuku wochokera kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley, kumpoto kwa Kenya. M'nyumba za kumeneko kutentha kumakhala madigiri 25 usiku n'kufika 37 masana. Akatswiriwo anasunga insulini m'kutentha kosinthasintha kotereku kwa milungu inayi, yomwe ndi nthawi imene botolo lotsegula limayenera kugwiritsidwa ntchito, ndipo anapeza kuti mphamvu yake sinasiyane ndi ya insulini wa mufiriji. Chimene chimamuwononga ndi kutentha kosalekeza, kopanda mpata wozizirako, komanso dzuwa lomuwomba mwachindunji.

Apa ndiye pagona nkhani ya malo oika kabotoloko. M'ngolo yokokedwa kumbuyo, pansi pa tenti ndi matumba a ufa, si malo ake. Mubuti ya basi, pafupi ndi injini, ayinso. Pawindo kapena patsogolo pa dalaivala, dzuwa limamupsereza. Malo ake ndi m'kachikwama kapamanja komwe mwini wake satsika basi osakanyamula, kabotolo katakulungidwa m'kansalu konyowa. Madzi akamauma pansaluyo amachotsa kutentha, monga momwe mtsuko umaziziritsira madzi akumwa pakhonde. Nsalu ikauma, kuinyowetsanso. Ena amaika mufulasiki yozizira, ndipo ndi nzeru yabwino, bola kabotoloko kasagundane ndi ayezi, chifukwa insulini akaundana watha ntchito ngakhale atasungunukanso.

Diso nalo limathandiza. Insulini wogwira msanga amaoneka mbee ngati madzi, ndipo akachita mbuu ndiye kuti wawonongeka. Wogwira pang'onopang'ono ndi woyera mwachibadwa. Ameneyu amamufikisa pakati pa zikhatho mofatsa, osamukhutchumula, mpaka asakanikirane bwino. Akatsala ndi timibulu, kapena zoyera zikamatirira kugalasi, botololo ndi lotaya.

Ngozi yeniyeni ya paulendowu, imene anthu saiganizira, ndi njala.

Insulini akalowa m'thupi sadziwa kuti basi yachedwa. Wogwira msanga uja amabayidwa pafupifupi mphindi 30 munthu asanadye, ndipo amayamba kutsitsa shuga kaya nsima yabwera kaya sinabwere. Wapang'onopang'ono amafika pachimake patapita maola angapo, moti jakisoni wa m'mawa amaluma kwambiri masana. Tsono taganizirani mnyamata amene wadzibaya m'bandakucha basi ili pa Dedza, poganiza kuti adya posachedwa. Dzuwa lafika paliwombo ali pamzere pa Nyamapanda, pasipoti m'manja, m'mimba mulibe kanthu, ndalama zomwe ali nazo ndi makwacha omwe wogulitsa sakuwalandira. Manja ayamba kunjenjemera. Thukuta lozizira, mtima kuthamanga, chizungulire, maso kuchita mdima. Akafunsidwa funso akuyankha zosagwirizana, mwinanso mwaukali. Anzake apaulendo akuti waledzera, wapolisi nayenso akuti waledzera. Chikhalirecho shuga watsika, ndipo mphindi zochepa zikubwerazo akhoza kukomoka.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo kuposa china chilichonse m'chikwama chake: masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga, kapena theka la botolo la Fanta kapena Coca-Cola, kapena masiwiti angapo. Akamwa adikire mphindi 15, ndipo ngati sakupezabe bwino abwereze, kenako adye chakudya chogwira m'mimba monga buledi, mbatata kapena chinangwa. Amene ali ndi kamakina koyezera adziwe kuti nambala yochepera 3.9, kapena 70 pa makina owerenga mwanjira inayo, ndi yotsika. Wokomoka sathiridwa chakumwa m'kamwa chifukwa angatsamwe. Amamugoneka chammbali, kumupaka shuga mkati mwa tsaya, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Zonsezi zimatheka pokhapokha pali wina m'basimo amene akudziwa. Ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mnyamata wopita kukafuna ntchito safuna kuoneka wodwala. Amaopa kuti transipota amukana, kuti mbiri ikafika kwa amene akukamupezera ntchito, kuti anthu akaona sirinji amuganizira zina. Ndiye amabisa. Amadikira mdima kuti adzibaye, kapena amadumphitsa jakisoni mpaka akafike. Kudumphitsako kumabweretsa vuto linalo: shuga amakwera, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mwabefu. Pamwamba pa izo, apaulendo ambiri amadzimana madzi poopa kuvutitsa dalaivala kuti aime, ndipo kwa munthu wa shuga wokwera kumeneko n'kudziwonjezera ngozi. Manyazi amenewa ndi omveka, koma mtengo wake ndi waukulu zedi. Kuuza munthu mmodzi yekha, wokhala naye mpando kapena kondakitala, kuti “mukandiona ndikunjenjemera mundipatse shuga ali m'thumba ili,” n'kokwanira kupulumutsa moyo.

Mlingo wa jakisoni wa paulendo si wongoganizira. Ndi nkhani yokambirana ndi adokotala kapena anamwino musananyamuke, kaya ndi pachipatala cha Edingeni, cha mishoni cha Embangweni kapena chachikulu cha paboma. Pomwepo ndi popempheranso kalata ya m'Chingerezi yonena matenda, dzina la insulini ndi mlingo wake, kuti wofufuza katundu pachipata akapeza masirinji asadabwe. Kalatayo iziyenda ndi buku la kuchipatala, pamodzi ndi pasipoti. Singano zogwiritsa kale ntchito zimaikidwa m'botolo lapulasitiki lolimba lokhala ndi chitsekero, osati kuponyedwa pawindo.

Kufika ku Joni si kutha kwa nkhani. Botolo la mamililita 10 limakhala ndi mayunitsi 1,000, moti munthu wobaya mayunitsi 40 patsiku limamutha pamasiku 25. Pachipata Mmalawi amamudindira masiku 30. Koma anthu a ku Mzimba sapitira mwezi umodzi, amapitira zaka. Botolo lochokera kumudzi likatha, munthu amayenera kukaima pamzere wa kiliniki ya kumeneko, nthawi zambiri masiku a m'pasipoti atatha kale.

Malamulo aakulu a dziko la South Africa, mu gawo 27, amanena kuti aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe woyenera kukanizidwa chithandizo chadzidzidzi. Komabe mu 2025 gulu la Operation Dudula linkaima pamageti a makiliniki ena kubweza anthu ochokera kunja, mpaka khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula mu Novembala chaka chomwecho kuti gululi lilibe mphamvu yochita zimenezo. Mantha sanathe ndi chigamulocho. Amene alibe mapepala amaopanso kugwidwa n'kutumizidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, mankhwala atatsala kuchipinda. N'chifukwa chake kalata ija, kapena chithunzi chake mufoni, siyenera kusiyana ndi mwini wake, ndipo kukalembetsa kukiliniki kuyenera kuchitika botolo lisanafike theka.

Maina a mankhwala nawo amasokoneza. Insulatard ndi Protaphane ndi insulini wa mtundu umodzi, monganso Mixtard 30 ndi Actraphane. Kusunga kabokosi kakale n'kukaonetsa namwino kumachotsa chisokonezocho. Ntchito nayo imasintha thupi: amene wayamba kusenza njerwa pamalo omanga nyumba kapena kulima m'munda wa bwana tsiku lonse amawotcha shuga wambiri, ndipo mlingo womwe unkamuyana ku Edingeni ukhoza kumugwetsa. Mowa wa Loweruka womwa osadya umatsitsanso shuga usiku munthu ali mtulo. Ndipo wobaya malo amodzimodzi, chifukwa choti ndi pomwe amafikira msanga mobisa, amatuluka zotupa zolimba pakhungu zomwe zimachititsa kuti mankhwala asamalowe bwino. Kusinthasintha malo, pamimba ndi pantchafu, kumapewetsa zimenezi.

Pali jakisoni wina amene amayenda kwambiri mumsewu womwewu, m'zikwama za amayi a geni ndi a ntchito za m'nyumba: wakulera. Depo amabayidwa milungu 13 iliyonse, ndipo malangizo a WHO amalola mayi wochedwa ndi milungu yosapitirira inayi kubayidwa osayamba wayezedwa mimba. Zovuta zake amayi amazidziwa: msambo wosinthasintha, kudonthadontha, kusiyiratu kusamba, mutu, kunenepa. Kusasambako si matenda ndipo magazi saunjikana m'mimba monga amanenera ena, koma kutaya magazi ambiri n'kofunika kukaonetsa kuchipatala. Ku South Africa kulinso jakisoni wa miyezi iwiri wotchedwa Nur-Isterate, choncho mayi ayenera kunena bwino mtundu umene amabayitsa kwawo.

Pajakisoni wakulerayu Malawi anaphunzitsa dziko lapansi. Pakafukufuku yemwe anachitika ku Nsanje, zotsatira zake n'kutuluka mu 2018, amayi 731 anagawidwa pawiri: ena ankabayidwa ndi azaumoyo, ena anaphunzitsidwa kudzibaya okha jakisoni wotchedwa Sayana Press kunyumba. Patatha chaka, mwa odzibaya okha 73 pa 100 alionse anali akupitirizabe, pamene mwa obayidwa ndi azaumoyo anali 45 okha. Boma linavomereza njirayi, ndipo mayi wophunzitsidwa akhoza kunyamula jakisoni wake, yemwe safuna firiji, n'kudzibaya tsiku lake likakwana kulikonse komwe ali.

Zimenezi zikuonetsa kuti munthu wakumudzi akaphunzitsidwa bwino n'kupatsidwa mankhwala ake m'manja, amawasamala. Omwa ma ARV amene thupi lawo lili bwino amalandira kale mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi. Wa shuga wopita kutali sangasenze insulini wa chaka chonse, koma akhoza kuchoka ndi wokwanira kumufikitsa tsiku loyamba la kukiliniki yatsopano, kalata yomveka, ndi malangizo a panjira. Vuto n'lakuti ambiri amanyamuka mwakachetechete, azaumoyo n'kungoona kuti munthu wasiya kubwera.

M'boma limene pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, funso loti “kodi muli ndi ulendo posachedwapa?” liyenera kukhala la masiku onse m'makiliniki a shuga ku Edingeni, ku Embangweni, ku Jenda ndi paboma, lofunsidwa mosadzudzula. Matransipota nawo aziika paketi ya shuga m'galimoto ndi kudziwa zizindikiro zake. Ndipo inu makolo amene mukuperekeza mwana wodzibaya, musanamufunse za pasipoti, muyambe mwamuperekeza kuchipatala akauze adokotala kuti akupita.