Musachotse Themositati M'galimoto Yanu

Galimoto zambiri zochokera ku Japan zikangofika kudzera ku Dar es Salaam, eni ake amabwera pa galaja ndi pempho limodzi: "Amakaniko, tandichotsereni themositati. Zimenezo n'za kwawo kozizira." Ine ndimakana.

Themositati ndi kachitseko kokhala pamene paipi ya radiyeta imalumikizana ndi injini. M'kati mwake muli phula. Injini ikakhala yozizira, kachitsekoko kamatseka kuti madzi azingozungulira momwemo mpaka atenthe. Akafika madigiri 82, nambala imene mudzaipeze itadindidwa pa mathemositati ambiri a Toyota, phula lija limasungunuka n'kufufuma, n'kukankha kachitsekoko, madzi n'kuyamba kupita ku radiyeta. Kutentha kwa ku Nsanje si vuto ayi: injini ikatentha, kamatseguka kokha.

Mukakachotsa, injini imachedwa kutentha, makamaka m'mawa wa mu June ku Dedza. Kompyuta ya galimoto, poona kuti injini ikadali yozizira, imapitiriza kuthira petulo wambiri. Oilo nayenso amasanduka matope, zitsulo n'kumadyana msanga. Zimandiwawa kuona munthu akudandaula za mafuta pomwe anachita kulipira kuti amuchotsere chinthu chomupulumutsira mafutawo.

N'zoona kuti themositati imafa. Ikafera chotseka, singano ya geji imakwera kufika pofiira pomwe paipi yapansi ya radiyeta ikadali yozizira. Imani pomwepo, bwana, musanapsereze gasiketi, ndipo musatsegule chivundikiro cha radiyeta injini isanazizire. Koma musafulumire kuiweruza, pakuti nthawi zambiri wolakwa ndi fani yosazungulira kapena radiyeta yotsekeka ndi dzimbiri la madzi a pa mjigo.

Kuiyesa n'kosavuta. Imangeni kachingwe, muilendewetse m'poto wa madzi pamoto. Madzi asanawire, mudzaona kasipuling'i kakufinyika, kampata n'kutseguka. Ikangokhala duu mpaka madzi kubwadamuka, gulani ina ya nambala yomweyo pamodzi ndi labala yake yatsopano.

Poika, kachitsulo kogwedera kali m'mbali mwake kayang'ane kumwamba kuti mpweya uzituluka. Mabauti musamange mwamphamvu, chifukwa pa galimoto zina nyumba yake ndi ya pulasitiki. Thirani kulanti osati madzi wamba, lizani injini chivundikiro chili chotsegula mpaka thovu lithe, kenako muonjezere kulanti ndi kutseka.