Kampani yanu musaipatse dzina lanu

Wojambula zithunzi m'maukwati, womasulira zikalata za mabungwe, wolemba mapulogalamu a pa kompyuta, wowerengera ndalama za timabizinesi ta anthu: onsewa amagwira ntchito pawokha, opanda bwana, ndipo ambiri limawafikira tsiku limene kasitomala wamkulu amawauza kuti kwawoko salipira munthu, amalipira kampani. M'pamene munthu amayamba kufunsa njira ya ku ofesi yolembetsera makampani, kapena kutsegula tsamba la pa intaneti lolembetsera mabizinesi. Chinthu choyamba chimene fomu imafuna ndi dzina, ndipo n'chimene anthu amalemba mothamanga kuposa china chilichonse. Wina amangotenga dzina la makolo ake n'kuphatikizapo "Investments", wina amatchula ntchito imene akugwira chaka chino pamodzi ndi tauni imene akuchita lendi. Ine ndikuona kuti njira ziwiri zonsezi zimamanga munthu miyendo. Dzina lolembetsa liyenera kusiyana ndi la mwini wake, ndipo lisakhale lothina moti ntchito ikakula lizilephera kuikwana.

Chifukwa chake chili m'malamulo. Ku Malawi munthu angalembetse dzina la bizinesi lokha motsatira Business Registration Act ya 2012, koma pamenepo iye ndi bizinesiyo amakhalabe munthu mmodzi: ngongole ya shopu ndi ngongole yake, ndipo ikavuta angamugwire katundu wa m'nyumba. Kampani yolembetsedwa motsatira Companies Act ya 2013 ndi nkhani ina. Pamaso pa lamulo imeneyi ndi munthu payokha, wokhala ndi chuma chake, ngongole zake ndi milandu yake. Mfundoyi inakhazikika ku England pa mlandu umene maloya amaudziwa kuti wa Salomon wa 1897. Aron Salomon ankasoka nsapato zachikopa ku London. Mu 1892 anagulitsa bizinesi yake ku kampani imene anaikhazikitsa yekha, ndipo masheya ake anali m'manja mwa iye, mkazi wake ndi ana awo asanu. Kampaniyo itagwa, panali mkangano wakuti Salomon alipire ngongole zake kuchokera m'thumba mwake, poti kampaniyo inali iye yemwe atangovala malaya ena. Khoti la House of Lords linakana: Salomon ndi munthu wina, A. Salomon & Co Ltd ndi winanso. Makhoti a ku Malawi amatsata mfundo yomweyi, ndipo mawu akuti "Limited" kumapeto kwa dzina amachenjeza aliyense wochita nayo malonda kuti udindo wa eni masheya pa ngongole za kampani uli ndi malire.

Tsono ngati kampani ndi munthu wina, chimene mwaipatsa chimakhala chake, ndipo dzina limene yatchuka nalo limasanduka katundu wake. Karen Millen, wokonza zovala wa ku Britain, anagulitsa bizinesi yotchedwa ndi dzina lake mu 2004. Atafuna kuyamba malonda ena ndi dzina lomwelo, khoti ku London linamuletsa mu 2016, chifukwa dzinalo linapita limodzi ndi bizinesi. Jo Malone, wopanga mafuta onunkhira, anagulitsa yake ku Estée Lauder mu 1999, ndipo pobwereranso pa msika mu 2011 anachita kufuna dzina lina, Jo Loves, pamene mabotolo olembedwa dzina lake lobadwa nalo akugulitsidwa ndi anthu ena.

Wowerenga angaseke n'kunena kuti amenewo ndi a mamiliyoni, kampani ya wojambula wa ku Area 25 angaigule ndani? Zoona, mwina palibe. Koma kugulitsa si njira yokhayo imene kampani imachokera m'manja mwa woiyambitsa. Mnzanu akabwera ndi mpamba n'kutenga theka la masheya, mukadzayambana akhoza kutsala ndi kampani yodziwika ndi dzina la agogo anu. Mukamwalira, masheya amagawidwa ngati chuma chamasiye, ndipo amene adzawatenge sangakhale ndi luso lanu kapena khalidwe lanu. Kampani ikalephera kubweza ngongole, dzina lake ndi limene limamveka m'khoti ndi m'zidziwitso za m'nyuzipepala. Kuno kwathu dzina la makolo si la munthu mmodzi. Amalisenza achimwene, azakhali ndi adzukulu amene sanasainirepo kanthu.

Chotsutsa champhamvu kwambiri n'chakuti wogwira ntchito payekha amadyera dzina lake. Anthu samufuna chifukwa cha setifiketi ya kampani, amamufuna chifukwa wina anawauza kuti uje ndi katswiri. Izi sindingazikane, ndipo pali ntchito zina zimene dzina la munthu ndiye mwambo wake: maofesi a maloya monga Savjani & Co ndi Wilson & Morgan akhala akudziwika motero kwa zaka zambiri, poti kumeneko kasitomala amafuna kudziwa munthu amene adzayankhe mlandu ukalakwika. Koma kwa ena onse, maganizo amenewa amasokoneza zinthu ziwiri: dzina la pa chikalata ndi dzina la pakamwa pa anthu. Mbiri yathu yomwe ikusonyeza kuti ziwirizi siziyendera limodzi. Kampani ya ku Glasgow imene inayamba mu 1878, yodziwika m'mabuku kuti African Lakes, anthu a kuno ankangoitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa oiyendetsa, ndipo dzinalo lilipobe ku Blantyre. Timu ya Bullets yasinthapo mayina akutsogolo kangapo, Bata, Total, Bakili, Nyasa, koma ochemerera sanasokonezekepo. Palibe amene amati akupita kukagula mayunitsi a Telekom Networks Malawi. Choncho wojambula akhoza kupitiriza kudziwika ndi dzina lake pa Facebook ndi pa WhatsApp, kusaina zithunzi zake, kudzitchula yekha pokambirana ndi makasitomala, pamene invoyisi, akaunti ya ku banki ndi nambala ya msonkho ya ku MRA zili m'dzina la kampani. Mbiri yake imakhalabe yake, ndipo akadzatseka kampaniyo amachoka nayo.

Dzina lothina nalonso lili ndi vuto lake, lomwe limaonekera mochedwa. Amene walemba kuti ntchito yake ndi zithunzi za ukwati ku Zomba adzavutika kufotokoza chifukwa chimene akupikisanirana nawo pa tenda yojambula kanema wa bungwe la zaumoyo ku Karonga. Ngakhale akuluakulu zimawachitikira: New Building Society itasanduka banki mu 2004 inangotsala ndi zilembo zitatu, NBS, chifukwa dzina lakale linkanena za ngongole za nyumba basi. Koma kuthawa kuthina sikutanthauza kugwera mbali inayo, ya "General Dealers" ndi "Enterprises" amene adzaza m'kaundula. Mlembi wa makampani amakana dzina lofanana ndi lina lolembetsedwa kale, lonyenga anthu, kapena losonyeza ngati kampaniyo ndi ya boma pamene si choncho. Mawu ngati "banki" sangawagwiritse ntchito munthu wopanda chilolezo cha Reserve Bank of Malawi. Liwu limodzi lachilendo pang'ono, lochokera ku mtengo, phiri kapena mbalame, limadutsa msanga pa kaundula ndipo limakumbukika kuposa mndandanda wa zilembo zoyamba za mayina a ana anu.

Ena amati n'kutaya nthawi kuganizira zonsezi poti lamulo limalola kusintha dzina. Limalola ndithu, eni masheya akagwirizana ndipo mlembi akavomereza, ndipo kampani imakhala yomweyo ndi ngongole zake zomwezo. Koma setifiketi yatsopano ndi chiyambi chabe cha ulendo. Kuli ku banki, kuli ku MRA, kuli ku PPDA kwa ofuna matenda a boma, kuli makontirakiti amene akuyenda kale, chidindo, ndi kasitomala aliyense amene dzina lakale analilowetsa m'kompyuta yake yolipirira. Celtel itasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010, panali ndalama zopentera mashopu dziko lonse ndi kulengeza pa wailesi. Munthu mmodzi wokhala ndi laputopu alibe mphamvu zotero. Malipiro ake akhoza kuima milungu ingapo chifukwa dzina la pa invoyisi lasiyana ndi la pa akaunti.

Palinso chinthu chimene ambiri amachidziwa atapsa kale: kulembetsa kampani sikuteteza chizindikiro cha malonda. Chitetezo chimenecho chimabwera ndi kulembetsa kwina, motsatira Trademarks Act ya 2018, kapena kudzera ku ARIPO ku Harare kwa ofuna kutetezedwa m'mayiko angapo a mu Africa. Dzina likhoza kuvomerezedwa pa kaundula wa makampani koma n'kupezeka kuti likuponda chizindikiro cha munthu wina, choncho kufufuza kuyenera kuchitika mbali zonse ziwiri, ndiponso pa intaneti, kuona ngati adiresi ya .mw kapena .com yofanana nalo ili yosatengedwa. Kwa amene amalipidwa kuchokera kunja, ku Johannesburg kapena ku London, kalembedwe kake n'kofunikanso. Dzina la Chichewa ndi labwino ndipo limasiyanitsa kampani ndi unyinji wa mayina a Chingelezi, koma kachizindikiro ka mu "ng'" sikalowa mu adiresi ya pa intaneti, ndipo "ŵ" mafomu ambiri a mabanki samulandira. Musanapereke fomu, litchuleni dzinalo pa foni kwa munthu amene sanalimvepo, muone ngati angalilembe molondola.