Mandimu samanga thupi, koma ali ndi msika wake

Nyengo yozizira ikafika, mandimu amadzaza m'misika. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, milu ya zipatsozi imaoneka paliponse, ku Limbe, ku Zalewa ngakhalenso m'misika ya mu Lilongwe, ndipo zambiri zimachokera m'maboma ngati Mwanza ndi Neno komwe kumalimidwanso malalanje ndi manachesi. Iyi ndi nthawi imenenso chimfine chimavuta, choncho ogula sasowa. Vuto limabwera pa mawu amene wogulitsa amaitanira nawo makasitomala. Ena amafika ponena kuti mandimu ndi chakudya chomanga thupi, zomwe si zoona.

Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO limawerengera chakudya chimene dziko lililonse lili nacho pa chaka, n'kuonetsa kuchuluka kwa mapuloteni amene munthu mmodzi amapeza pa tsiku kuchokera ku mbewu iliyonse. Mandimu, pamodzi ndi aja ang'onoang'ono obiriwira otchedwa laimu, ali ndi mzere wawo m'mabukuwo, koma nambala yake ndi yochepetsetsa. Ngakhale m'maiko olima mandimu ambiri monga India ndi Mexico, anthu sadalira chipatsochi pomanga thupi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mu magalamu 100 a mandimu osenda muli pafupifupi galamu imodzi yokha ya mapuloteni, ndipo mu laimu muli ochepera pamenepo. Mu magalamu 100 a nyemba zouma muli magalamu oposa 20, mu mtedza pafupifupi 25, pamene mu soya muli pafupifupi 36. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu pafupifupi 50 pa tsiku. Kuti awapeze m'mandimu okha, angafunike kudya makilogalamu oposa anayi, zomwe palibe mimba ingapirire.

Nkhaniyi si yamasewera m'dziko muno. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Mayi amene wabwera pamsika ndi ndalama yochepa, akamva kuti mandimu amakulitsa mwana, akhoza kusiya usipa kapena nsinjiro n'kugula chinthu chimene sichithetsa vuto lake. Akadzamva zoona kusikelo, pabenchi ija sadzabwereranso.

Mphamvu yeniyeni ya mandimu ili pa vitamini C. Magalamu 100 amakhala ndi mamiligalamu oposa 50, pamene laimu amakhala ndi pafupifupi 30. Vitamini ameneyu amathandiza thupi kutenga ayironi, mchere wowonjezera magazi, kuchokera mu nyemba, nandolo, khobwe ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe ndi chisoso. Madzi ake amafinyiridwa mu ndiwo zikachoka pamoto, chifukwa kutentha kumawononga vitaminiyu. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, mandimu ali m'gulu la zipatso, ndipo ntchito yawo ndi kuthandizira magulu enawo.

Apa ndi pamene wamalonda wochenjera angapezere phindu. Mulu wa mandimu umayenda msanga ukayalidwa pafupi ndi nsomba, nyemba kapena masamba kusiyana ndi ukakhala pakati pa nthochi ndi mapapaya. Amene sagulitsa ndiwo akhoza kugwirizana ndi mnzake wa nsomba kuti aziuzirana makasitomala. Achiwaya, eni malesitilanti ndi ogulitsa tiyi amafuna mandimu tsiku lililonse, ndipo oda yokhazikika yotere imaposa kudikira odutsa. Ogulitsa zipatso zodula kale amawafunanso, poti madzi a mandimu amaletsa mapeyala ndi maapulo kuda.

Popikula, ndimu labwino ndi lolemera m'manja, la khungu losalala ndi losaphwanyika. Lopepuka la khungu lokhuthala limakhala ndi madzi ochepa. Katundu akafika asankhidwe tsiku lomwelo, akuluakulu paokha, ang'onoang'ono paokha, ndipo lililonse lofewa kapena la nkhungu lichotsedwe, paja nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Asungidwe pamthunzi, m'dengu kapena m'kireti yopita mphepo. Thumba la pulasitiki lomangidwa padzuwa limawoletsa katundu m'masiku ochepa. Poika mtengo, wogulitsa awerengere thiransipoti, chiphaso cha msika komanso mandimu amene atayidwe. Mwachitsanzo, ngati thumba lili ndi mandimu 200 ndipo 20 awonongeka, ndalama yonse iyenera kubwerera kuchokera pa 180 otsalawo.

Nyengo ikamatha, chakumapeto kwa chilimwe, mandimu amayamba kusowa ndipo mtengo umakwera, choncho amene ali ndi mlimi wodalirika wothirira mitengo yake amagulitsa bwino anzake atatha katundu. Mitengo idakweranso kwambiri kumayambiriro kwa chaka cha 2021 pamene anthu ankalimbirana mandimu ndi jinja poopa Covid-19, ngakhale mandimu sachiza matendawa. Phindu lotere limatha ndi mantha omwewo. Kasitomala wokhalitsa ndi amene wauzidwa zoona: agule nyemba kapena usipa kaye, ndimu likhale lowonjezera.