El Niño pa WhatsApp: Mmene Tingafotokozerane za Mvula Popanda Kusoceretsana

Dzinja likamayandikira mafoni athu amadzaza ndi nkhani za mvula. M'magulu a WhatsApp a mpingo, a amayi, a makopaletivu ndi a pacibale mumabwera mapu opakidwa mitundumitundu, mawu a Cingelezi akuti "normal to below normal", ndiponso mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika wocenjeza kuti caka cino kulibe mvula. Ena amatumiza zimenezi kwa anzawo asanazimvetse. Ena amangoti a zanyengo amanama, n'kufufuta. Onsewa angathe kutaya mbewu ndi feteleza zimene anazipeza movutikira.

Kuno ku Chadiza cakudya, fizi ya ana ndi malata a nyumba zimacokera m'munda wodalira mvula. Conco uthenga wa zanyengo ukapotoka panjira, umakapotoza nkhokwe ya munthu. Tiyeni tione zimene akatswiri amatanthauza, ndi mmene ife okhala ndi mafoni tingazifotokozere m'Cinyanja kwa amene alibe.

Zimene tinaona mu 2024

Pa 4 July 2023 bungwe loona zanyengo pa dziko lonse, la World Meteorological Organization, linalengeza kuti El Niño wayamba. Mvula isanayambe, akatswiri a zanyengo a m'maiko a SADC anacenjeza kuti madera ambiri a kum'mwera kwa Africa angalandire mvula yapakati kapena yocepa. Cenjezo linalipo miyezi ingapo tisanabzale.

Zimene zinatsatira tonse tikuzikumbukira. Kuyambira kumapeto kwa January 2024 kunacita ng'amba ya masabata pafupifupi asanu, pa nthawi imene cimanga cambiri cinali kumasula ngayaye ndi kubereka. Pa 29 February 2024 mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo cigawo cathu ca kum'mawa cinali pakati pa zigawo zokhudzidwazo. Mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga, mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anaonongeka. Dziko linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni a cimanga, pamene caka ca 2023 linakolola matani oposa 3.2 miliyoni. Madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse. Anzathu a ku Malawi ndi ku Zimbabwe nawonso analengeza tsoka lofananalo.

Dzina lakuti El Niño linamveka ponseponse caka cimeneco. Koma kumva dzina ndi kwina, kudziwa cocita nalo ndi kwinanso.

Kodi El Niño ndi ciyani?

El Niño si mphepo yamkuntho imene imafika pamudzi tsiku linalake. Ndi kutentha kwa madzi a pamwamba pa nyanja yaikulu ya Pacific, tsidya lina la dziko lapansi. Asodzi a ku Peru, ku South America, ndiwo anapereka dzinali. M'cinenero ca Cisipanishi limatanthauza mwana wamwamuna, ndipo iwo anali kunena za Mwana Yesu, cifukwa madzi ofundawo anali kufika ku gombe lawo ca pa Khirisimasi.

Zaka zambiri mphepo ya pa nyanjayo imaomba kucokera kum'mawa kupita kumadzulo. Imakankhira madzi ofunda ku Indonesia ndi Australia, ndipo kufupi ndi Peru kumatumphuka madzi ozizira ocokera pansi. Pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri mphepoyo imafooka, madzi ofunda aja n'kubwerera ca kum'mawa. Pamene pali madzi ofunda ndi pamene pamakwera nthunzi yambiri ndi kupanga mitambo. Madziwo akasuntha, mitambo imasuntha nawo, ndipo popeza nyanjayi ndi yaikulu kuposa zonse, mayendedwe a mphepo za kumwamba amasintha mpaka kutali kwambiri.

Kuti mumvetse, ganizirani moto wa m'khicini. Mukausuntha kucoka pakati n'kuuika pakona, utsi umayenda njira ina, ndipo amene wakhala pakhomo amamva kusintha ngakhale sanakhudze nkhuni. Mvula yathu imadalira cinyezi cocokera ku nyanja ya Indian ndi ku nkhalango za Congo. M'zaka za El Niño mphepo zobweretsa cinyezico nthawi zambiri zimafooka kapena kupatukira kumpoto. N'cifukwa cake kumapeto kwa 2023 ku Kenya kunali kusefukira madzi, kenaka ife kuno n'kupsa ndi dzuwa. Madzi a Pacific akazizira kuposa masiku onse, dzina lake ndi La Niña, ndipo kawirikawiri kuno kumagwa mvula yambiri.

Akatswiri sadziwa zimenezi mwa maula. Pa nyanjapo pali zipangizo zoyandama zoyeza kutentha kwa madzi ndi mphamvu ya mphepo, ndipo masetilaiti amayeza kucokera kumwamba. Madzi a pakati pa nyanjayo akatentha ndi theka la digiri kapena kuposa pa mlingo wa nthawi zonse, n'kukhala conco kwa miyezi ingapo, amati El Niño wayamba. Ziwerengerozo amaziika m'makompyuta amphamvu amene amawerengera mmene mphepo ndi mitambo zingayendere m'miyezi ikubwerayo.

Mwayi, osati lonjezo

Apa ndi pamene mauthenga ambiri amalakwira. Uthenga wa dzinja lonse sunena kuti mvula idzagwa kapena sidzagwa. Umanena mbali imene mwayi wapendekera.

Akatswiri amatenga mvula ya zaka 30 zapitazo pa dera lina n'kuindandalika kuyambira yocepa kwambiri mpaka yoculuka kwambiri. Zaka khumi zapansi amati mvula yocepa, khumi zapakati amati mvula yapakati kapena ya masiku onse, khumi zapamwamba amati mvula yoculuka. Akalemba kuti "normal to below normal", kawirikawiri amatanthauza kuti pa mwayi 100, mwayi 40 ndi wa mvula yapakati, 35 wa yocepa, ndipo 25 wa yoculuka.

Mungafotokoze zimenezi ndi nyemba. Ikani nyemba 20 m'kapu: zoyera zisanu ndi zitatu kuimira mvula yapakati, zofiira zisanu ndi ziwiri kuimira yocepa, zakuda zisanu kuimira yoculuka. Tsinzinani n'kutolamo imodzi. Mungathe kutola yakuda, ndipo amene anakuuzani za m'kapumo sananame. Koma munthu wanzeru sangabece ng'ombe yake pa nyemba yakuda.

Mbiri imationetsa mbali zonse ziwiri. M'zaka za 1991/1992, 2015/2016 ndi 2023/2024 El Niño anabwera ndi cilala coopsa kum'mwera kwa Africa. Koma mu 1997/1998 kunali El Niño wamphamvu kwambiri, anthu anaopa, ndipo cilala cacikulu cimene anali kuyembekezera sicinafike m'madera ambiri. Amene amalemba pa Facebook kuti "El Niño wabwera, musabzale" wawonjezera zimene akatswiri sananene. Amene amalemba kuti "ananamanso caka cija" sanamvetse za nyemba zija.

Pali zina ziwiri zimene mapu a dzinja lonse sangakuuzeni. Coyamba, amanena za dera lalikulu, osati mudzi umodzi. Mvula yathu yambiri ndi ya mabingu, imene ingagwe kwa a Mlolo koma kwa a Zingalume kuli gwa, tsiku lomwelo. Caciwiri, amanena za kuculuka kwa mvula yonse pamodzi, osati kagwedwe kake. Mvula ingakwane mlingo wa caka conse, koma itagwa yambiri mu December n'kudula mu February. Cimanga cimafuna madzi kwambiri pomasula ngayaye, ndipo ng'amba ya nthawi imeneyo imaononga kuposa ya nthawi ina iliyonse.

Pa cifukwa cimeneci nthambi ya boma yoona zanyengo, ya Zambia Meteorological Department, siimira pa uthenga wa dzinja lonse. Imatulutsanso mauthenga a masiku khumi ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo imawaika pa tsamba lake la Facebook. Uthenga wa masiku owerengeka ndi wodalirika kuposa wa miyezi itatu. Ukacenjeza za mvula yamphamvu kapena namondwe, musauyese ngati nyemba za m'kapu. Namondwe Freddy amene anapha anthu mazanamazana kum'mwera kwa Malawi mu March 2023 anali kuoneka pa masetilaiti masiku ambiri asanafike.

Mamilimita ndi madiramu

Mawu ena osokoneza ndi mamilimita. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Akati kwagwa mamilimita 20, ndiye kuti pa kamalo kameneko pathiridwa cigubu cathunthu ca malita 20. Pa lima imodzi, imene ndi mamita 50 mbali zonse, milimita imodzi ndi malita 2,500, pafupifupi madiramu 12. Munthu akamva conco amaona msanga kusiyana kwa mvula yongopha fumbi ndi mvula yolowa pansi, ndipo angafunse alangizi a zaulimi kuti pa nthaka yake pafunika mamilimita angati asanabzale.

Tisanatumize uthenga

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi foni ya intaneti pamudzi ndiye kandimverere wa ambuye ake, wa oyandikana nawo, mwina wa cigawo conse ca mpingo. Nchito imeneyi ndi yaikulu, ndipo uthenga wabwino uyenera kusunga zinthu zisanu.

Wanena ndani? Ngati uthenga sukuchula nthambi yoona zanyengo, unduna wa zaulimi kapena wailesi yodziwika monga ZNBC kapena Breeze FM ya ku Chipata, yambani mwafunsa. Mawu akuti "asayansi anena" opanda dzina ndi ofanana ndi "anthu akuti".

Wanena liti? Mauthenga akale amabwereranso caka ndi caka ngati atsopano. Yang'anani deti pa mapu kapena pa kalata, ndipo inunso muzilemba deti.

Wanena za kuti? Mapu a ku South Africa kapena a cigawo ca kum'mwera si a Chadiza. Pezani pamene pali cigawo cathu, muwerenge tanthauzo la mtundu wake m'munsi mwa mapuwo, cifukwa mapu osiyana amagwiritsa nchito mitundu mosiyana.

Mwayi ndi wotani? Musacotse mawu akuti "mwina", "kawirikawiri" ndi "pali mwayi waukulu". Amatalikitsa uthenga, koma ndiwo amaupangitsa kukhala woona.

Nanga ticite ciyani? Uthenga woopseza wopanda cocita umangofooketsa manja. Caka copendekera ku mvula yocepa, alangizi amakamba za mbewu za cimanga zokhwima msanga, kukonzeratu munda kuti tibzale ndi mvula yoyamba yokwanira, maenje ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi kuti cinyezi cikhalitse, kusadalira cimanga cokha koma kulimanso nshawa, nyemba, mpendadzuwa, kandolo ndi cinangwa, ndiponso kusagulitsa cakudya conse ca m'nkhokwe. Zambiri mwa izi sizitayitsa kanthu ngakhale mvula itagwa bwino.

Mwacitsanzo, m'malo molemba kuti "Caka cino kuli El Niño, kulibe mvula, tumizirani ena", mungalembe motere: "A zanyengo a boma atulutsa uthenga wa dzinja lino sabata yatha. Akuti kuno kum'mawa mwayi wapendekera ku mvula yapakati kapena yocepa, ndipo kungacitike ng'amba pakati pa dzinja. Sananene kuti mvula sidzagwa. Tisankhe mbewu mosamala, tifunse alangizi, ndipo tizimvera uthenga wa masiku khumi." Uthenga woyamba umayenda msanga cifukwa umaopsa. Waciwiri ndi umene munthu angapite nawo kumunda.

Kwa amene sawerenga, jambulani mawu anu m'Cinyanja, mwacidule, ndipo muyambe ndi kunena kuti ndinu ndani ndi kumene mwatenga nkhaniyo. Munthu akafunsa cimene simucidziwa, yankhani kuti mukafunsa, m'malo mopeka. Mukazindikira kuti munatumiza zolakwika, bwererani pa gulu lomwelo mukonze. Kutero kumasunga cikhulupiriro ca anthu pa tsiku limene mudzabweretsa cenjezo lenileni.

Musanyozenso zizindikiro za makolo. Akuluakulu amayang'ana kumene mphepo ikucokera, kutentha kwa October, kaphukidwe ka mitengo ndi kaberekedwe ka mango ndi masuku. Iwo amaona za pano pamudzi, pamene setilaiti imaona za pa nyanja yakutali. Mdzukulu amene ayamba ndi kufunsa ambuye ake zimene aona, kenaka n'kuwauza zimene a zanyengo anena, amamveka bwino kuposa wofika ndi foni m'manja ngati mphunzitsi.

Dzinja lino mapu akafika pa gulu lanu, musafulumire kukanikiza batani lotumizira. Werengani deti, pezani cigawo cathu, ndipo ngati mpata ulipo tikatuluka m'mapemphero, tengani kapu ndi nyemba 20 muwaonetse anzanu.