Cingwe, Cikhomo ndi Kampasi m'Mapiri a Dowa ndi Nchisi

Aphunzitsi anzanga, ana amene mulikukonzekera kukawaphunzitsa akadzafika ku sekondale adzapatsidwa kampasi ndi rula, nadzauzidwa kuti ajambule lokasi. Ambiri amacita mantha ndi liu limeneli, cikhalireco cinthuco anaciona kale kwao. Lokasi ndiyo njira imene kadontho kamatsata pamene kalikumvera lamulo limodzi. Mbuzi yomangidwa pa cikhomo m'dzinja, ikakoka cingwe nizungulira, mapazi ace amalemba mzere wozungulira, pakuti kutalikirana kwa mbuziyo ndi cikhomo sikusintha. Kampasi ndi cikhomo ndi cingwe comweco, kungoti ncacitsulo. Cotero sukulu yopanda kampasi isadandaule; turukani ndi ana pabwalo.

Mutalemba mzere wozungulira pansi, monga acitira womanga nkhokwe, tengani cingwe comweco osasintha utali wace, nimupime naco molunjika kucokera pa malo amodzi a mzerewo kufika pa ena. Mukapima kasanu ndi kamodzi mudzabwerera pomwe munayambira. Cifukwa cace nciani? Zizindikiro ziwiri zoyandikana, pamodzi ndi cikhomo ca pakati, zipanga cinthu ca ngodya zitatu ca mbali zofanana. Ngodya iri yonse iri ndi madigiri 60, ndipo 60 kasanu ndi kamodzi ndi 360. Cinthu ca ngodya zitatu cimeneci ndico cimene Euclid wa ku Alexandria anayamba naco buku lace, zaka ngati 300 Kristu asanabadwe.

Tsono tinene kuti midzi iwiri ya kufupi ndi Mponela ilikulimbirana malo a mjigo, uli wonse ufuna kuti usatalikiridwe. Pa mapu lembani midziyo A ndi B. Tsekulani kampasi kupitirira theka la mtunda wa pakati pao, imikani msonga pa A nimulembe uta kumtunda ndi kumunsi. Citani comweco pa B, kampasi osaisintha. Mzere wodutsa pa malo awiri pamene mauta akumana udula AB pakati peni peni mopingasa, ndipo malo ali onse a pa mzerewo atalikirana mofanana ndi midzi yonse iwiri. Ukakhalapo mudzi wacitatu, C, bwerezani pa B ndi C. Pamene mizere iwiriyo ipingasana ndipo pofanana kwa onse atatu. Koma muwauze ana zoona: pepala nlacidikha, dziko la Kongwe ndi Mvera si lacidikha ai. Mai wosenza ndowa kukwera citunda sadzabvomera kuti mtunda wace ngwofanana ndi wa mnzace woyenda potsetsereka, ndipo madzi a pansi samvera kampasi.

Kumene nzeru imeneyi igwira nchito koposa, monga ndionera ine, ndi m'minda ya m'mapiri. Mvula ikagwa pa munda wa mizere yolunjika kumunsi imakokolola nthaka, cimanga ndi fodya nkutsala pa miyala. Kalozera ndi lokasi nayenso: malo onse a pa iye ali pa msinkhu umodzi, osakwera, osatsika. Alangizi amampeza ndi cipangizo ca mitengo itatu yomangidwa ngati lemba A, ndi mwala wolendewera pa cingwe kucokera pamwamba. Taonani cinsinsi cace. Miyendo iwiri njofanana utali, cotero nsonga ya pamwamba iri pa mzere uja wodula pakati mopingasa mtunda wa pakati pa mapazi. Mwala nthawi zonse uloza pansi molunjika. Mapazi akaima pa msinkhu umodzi, mizere iwiriyi isanduka umodzi, cingwe nkudutsa pakati pa mtengo wopingasa. Phazi limodzi likatsika, cingwe cipatukira komweko. Popeza mitengo ya kuthengo siifanana kweni kweni, mlimi wocenjera amaimika cipangizoco, nalemba pamene cingwe cadutsa, nasinthanitsa mapazi pa malo omwewo, nalembanso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndipo poyenera. Ana a Sitandade 7 angathe kucipanga m'mawa umodzi, nakhoma zikhomo za kalozera m'munda wa sukulu.

Kanthu kena kocenjeza. M'masamu awa rula njolembera mzere wolunjika, si yopimira ai. Mwana wowerenga masentimita kuti apeze pakati waphonya phunziro, ngakhale yankho lace lioneke bwino. Musalolenso kuti afute mauta ace, cifukwa woyesa mayeso amafuna kuwaona. Kugawa ngodya pawiri nkwapafupi ndi mauta atatu, ndipo mwana wanzeru adzakufunsani za kuigawa patatu. Mumuyankhe kuti anthu anayesa zaka zoposa 2,000, kufikira Pierre Wantzel wa ku France anatsimikiza mu 1837 kuti palibe njira ya kampasi ndi rula zokha yogawira ngodya iri yonse patatu, ngakhale zina, monga ya madigiri 90, zimatheka.