Makina a waya wa gasi: musagule mothamanga

Kwa amisiri owotcherera ngolo ndi mafelemu a zitseko pa Nsaru kapena pa Namitete, ndinene za waya wokhala ndi ufa mkati, wofuna gasi. Makina a ndodo aja sangathandize. Pamafunika a MIG, otulutsa DC, waya uli ku pozitivu. Onaninso timawilo tokoka waya: tikhale ta mano, chifukwa wayawu ngwamphako. Tosalala timaterereka, mukamangitsa timauphwanya. Waya wa mamilimita 1.2 umafuna ma ampu pafupifupi 200, ndiye soketi wamba ya ESCOM ivutika.

Koma chondidetsa nkhawa ndi mphepo. Ambiri mumawotcherera pabwalo, pomwe imauluza gasi wa CO2, polumikizapo n'kudzala timabowo. Komanso silinda ya gasi ikatha, ndi ulendo wa ku Lilongwe. Ngati mulibe shedi, ine ndingasankhe waya wosafuna gasi.